Ulendo wa ku Maka Unathera ku Area 11

Welkom, ku Joni
5 Febuluwale 1984

Ababa okondedwa, ndi iwe Tausi mlongo wanga,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo, ndipo mapazi a Ababa akupalasabe makina osokera pakhonde paja. Ine kumgodi kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha fumbi chija chimapita n'kubweranso ngati mlendo wopanda manyazi.

Tausi, uwawerengere Ababa mokweza, usameze mawu monga umachitira. Ababa, zatheka! Gawo lomaliza la ndalama za ulendo wanu wa ku Maka ndatumiza sabata yatha. Chaka chino, kumapeto kwa Ogasiti, mukwera ndege ku Lumbadzi, ndipo pobwera anthu azidzakuitanani kuti Haji Bwanali. Aja ankaseka kuti telala wa pakhonde angaone bwanji Maka, tiwaone kumene adzayang'ane.

Ndapatsira Redson wa kwa Chitukula, amene akubwerera kwawo, nsalu ziwiri zoyera za ihiramu, zija amavala pa Haji. Musazidule, Ababa. Ndikukudziwani inu, sizasi yanu sikhala chete ikaona nsalu yabwino.

Joini yanga, kontirakiti ya kumgodi ija, ikutha mu Julayi. Ndibwera kudzakunyamulirani sutikesi mpaka pakhomo pa ndege, ndipo kumgodi sindidzabwereranso. Ndatopa nako.

Nanga Rahima wanga ali bwanji? Ndinamusiya ali ndi zaka zisanu, pano zakwana zisanu ndi ziwiri. Tausi, chimwalirireni mayi ake iwe ndiwe mayi ake, ndipo ndimathokoza. Koma chithunzi chimene ndakhala ndikupempha chija chili kuti? Anzanga onse m'chipinda muno anapachika ana awo pakhoma, ine kumutu kwa bedi langa kuli msomali wokha. Pita naye kwa wojambula wa pafupi ndi msika uja, asamakule ine osamuona.

Ndine wanu,
Mikaili

Area 4, Lilongwe
1 Malichi 1984

Achemwali a Sauda,

Landirani moni wa kuno. Muli bwanji ku Nkhotakotako, inu ndi alamu ndi ana? Ine ndalemba chifukwa ndikapanda kuuza munthu ndiphulika.

Rahima akudwala. Zinayamba mu Januwale, tsaya lakumanzere linatupa pang'ono. Tinati ndi dzino, tinamuchukuchitsa madzi a mchere. Pomatha masabata atatu tsaya linali ngati wabisa mango mkamwa, diso likukankhidwira m'mwamba, mano akugwedera. Kuchipatala atangomuona anatilembera kapepala kuti tipite ku Area 11, kwa Dokotala Chimphepo.

Ndi nyumba ya mpanda ngati za mabwana zija, koma mkati mulibe masofa. Muli mabedi asanu ndi atatu, filiji ya mankhwala ndi kabati yodzaza mabuku. Akuti ndi malo a kafukufuku, nthambi ya sukulu ina ya madokotala ya kunja, ndipo ntchito yawo ndi kufufuza matenda omwewa, chotupa chimene chimagwira ana n'kukula mofulumira. Ndinapeza amayi a kwa Kalolo, a ku Mitundu, aliyense ndi mwana wa tsaya ngati la Rahima. Sitilipira kanthu. Ndinafunsa namwino kuti nanga amalipira ndani, iye anati ndi anthu ongopereka mwa kufuna kwawo, a kutali, osatidziwa n'komwe. Ndinadabwa. Kuli anthu otero?

Tsono chimene chikundiwawa ndi ichi. Ababa alamula kuti achimwene a Mikaili asauzidwe. Mukukumbuka malume a Daudi, mmene analandirira kalata ya maliro a akazi awo Lachiwiri, Lachinayi n'kuphonya phazi mumgodi? Amene analembetsa kalata ija ndi Ababa, ndipo mpaka lero amati mlamu wawo anamupha ndi iwo. Akuti munthu wa pansi pa nthaka salemberedwa zoipa, amauzidwa atatuluka, atakhala pamphasa, atamwa madzi. "Julayi sali patali," akutero.

Kalata ya achimwene ili apa, akupempha chithunzi. Ndikamujambulitse ali chonchi? Achemwali, ndikuopa.

Mng'ono wanu,
Tausi

Area 4, Lilongwe
3 Malichi 1984

Achimwene,

Waleikumu salamu. Kalata yanu tinalandira, ndipo ndinaiwerenga mokweza mpaka aneba anamva, musadzandinenenso kuti ndimameza mawu. Ababa anangovula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Redson anafika nazo nsalu zija. Azipinda, aziika pansi penipeni pa bokosi lawo, ndipo sizasi sinayandikire.

Kuno tonse tili bwino. Mvula ikugwa yambiri, mtsinje wa Lilongwe unadzaza mpaka anthu ankaima pamlatho kumaonerera. Rahima akupereka moni, akuti mudzamugulire nsapato zofiira. Za chithunzi, wojambula uja makina ake anawonongeka, tidikire pang'ono.

Muzisamala pansipo.

Mlongo wanu,
Tausi

Area 4, Lilongwe
27 Meyi 1984

Achemwali a Sauda,

Moni. Kalata ya mu Epulo ija, imene ndinalemba kuti Rahima wachira, muing'ambe. Ndinafulumira.

Silinali bodza ayi. Atamubaya jakisoni kawiri tsaya linaphwa, diso linabwerera m'malo mwake. Anayambanso kupita ku madarasa, ankathamanga ndi anzake mpaka kumukalipira. Dokotala Chimphepo amajambula mwana aliyense akabwera kudzaonedwa, n'kumata chithunzicho m'buku la mwanayo. Tsiku limene ndinapita naye mu Epulo Rahima anaseka mpaka anamujambula kawiri.

Masabata awiri apitawa anayamba kudandaula msana, kenako anati miyendo ikulemera. Pano sakuyenda. Chotupa chabwerera, ulendo uno chili m'mimba ndi kumsana. Dokotala akuti kwa ana ena chimachoka osabweranso, kwa ena chimabwerera, ndipo chimene iwo akufufuza n'chimenecho: chifukwa chake, ndi kabayidwe kamene kangachitsekere njira. N'chifukwa chake amayenda ndi Landilova m'midzi kufunafuna ana amene anawabaya kale, kuti aone amene ali moyo.

Tsoka silinunkha, achemwali. Sabata yomweyo namwino anatinong'oneza kuti bungwe limene linkawathandiza kwambiri lasiya, ndipo kumapeto kwa Juni atseka. Filiji izimitsidwa, mabedi abwezedwa, mabuku a ana onse aja aikidwa m'makatoni. Amayi ena anayamba kumanga katundu tsiku lomwelo.

Ababa anazimva ali pakhonde, chifukwa masiku ano amabwera ndi singano yawo kudzasoka mabulangete ong'ambika a pamenepo. Anaimirira, analowa m'chipinda cha dokotala, anatseka chitseko, anakhalamo ola lathunthu. Zimene anakambirana sanandiuze. M'mawa mwake anavala mkanjo wawo wa Lachisanu, anapita ku positi, anatenga ndalama zonse za ulendo wa ku Maka, anakwera basi ya ku City Centre, n'kukazipereka kwa dokotala. Zonse, achemwali! Pobwerera anayenda wapansi, anafika mapazi atatupa.

Kumzikiti kwagawanika. Ena akuti ndi sadaka yaikulu, ena akuti munthu sataya Haji, makamaka Haji ya thukuta la mwana wake. Wina anachita kuwafunsa pamaso kuti kodi mutu ukuyenda. Ine ndikuona kuti akufuna kugula moyo wa mdzukulu wawo, ndipo sindingawadzudzule. Koma ndikawafunsa kuti nanga achimwene tiwauza chiyani, amangoti, "Abwere kaye, akhale pamphasa."

Rahima tsiku lililonse amandifunsa kuti Julayi ndi liti. Ndiuzeni chochita, inu ndinu wamkulu.

Tausi

Nkhotakota
7 Juni 1984

Tausi mng'ono wanga,

Kalata yako yandipeza ndili pa swaumu, kusala kwa Ramadani, ndipo ndalira mpaka alamu ako anaganiza kuti kwagwa maliro. Ine kuno miyendo ikundivuta, mimbayi yakula, basi ya ku Lilongwe sindingaipirire. Ndikanabwera.

Za Ababa sindikudabwa. Munthu uja akaganiza chinthu amakhala ngati wachisoka kale. Kuno nkhani yafika mokhota, anthu akuti madokotala amenewo amatenga magazi a ana kukagulitsa. Ndinawauza kuti atseke pakamwa, mwana wathu yemwe anadzuka ndi jakisoni wawo.

Wandifunsa chochita. Mtima wina ukuti lemba lero lomwe. Koma ndikakumbukira malume a Daudi, mmene linabwerera bokosi lawo la zovala lokha, mtima wina ukukana. Watsala mwezi umodzi wokha, Tausi. Mwezi ndi chiyani? Pirira, usamulembere. Adzamva ali pakhomo, mwana wake ali pamiyendo pake.

Ndakutumizira mpunga pang'ono ndi kondakitala wa basi, umuphikire phala Rahima.

Mkulu wako,
Sauda

Welkom
10 Juni 1984

Tausi,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwezi wa Ramadani, kupanda apo sukanauona.

Kuno kwafika Sumaila, uja ankakhoma zidebe kuseri kwa msika. Ndinathamanga kukamufunsa za kwathu, iye n'kumangoyang'ana pansi ngati waba nkhuku. Nditamupanikiza anati Ababa sapitanso ku Maka, ndalama zonse anakapereka kwa madokotala a ku Area 11, otenga magazi a ana n'kumaika m'timabotolo. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Zimenezo akakuuzani okha, ine anandilumbiritsa." Ndinatsala pang'ono kumumenya.

Zaka zisanu ndi chimodzi, Tausi! Kupita, kubwera, kupitanso. Ndadya fumbi, ndaika m'manda anzanga awiri, mwana wanga wakula osandidziwa bwino, kuti thukuta langa likadyedwe ndi anthu okhala m'mipanda, oyenda pa galimoto? Iwo akusowa chiyani? Ababa akalamba, munthu wovala khoti loyera akawalankhula mokoma amangovomera. Koma iwe unali kuti? Kusukulu unapitiranji ngati sungathe kuona munthu akubera bambo ako masanasana? Ndipo unandilembera kuti tonse tili bwino, ndi dzanja lako lomwelo.

Imva tsono. Ine sindisiya chinthu panjira. Dzulo ndasaina joini ina, mpaka Malichi chaka chamawa. Mu Julayi musandidikire. Ulendo uno ndalama sizidutsa m'manja mwa munthu, tikiti ndidzagula ndekha, ndipo ndidzawakweza ndege ndekha, afune asafune.

Umuuze Rahima kuti nsapato zofiira ndagula, zibwera ndi munthu. Nanga wojambula wako uja makina ake sanakonzedwebe?

Mikaili

Area 4, Lilongwe
3 Julayi 1984

Achimwene,

Kalata yanu yafika dzulo. Ndinaiwerengera Ababa yonse, osadumpha liwu. Pamene ndinafika poti mwasaina joini ina, anagwira mwendo wa makina ngati agwa. Kenako anati, "Usamulembere." Ndinawayankha kuti, "Ababa, moyo wanga wonse sindinakukanireni kanthu, koma lero ndikulemba, mukafuna mundithamangitse." Ndiye ndikulemba.

Rahima akudwala kwambiri, achimwene. Wakhala akudwala kuyambira Januwale. Ndi chotupa. Chinayamba patsaya, madokotala a ku Area 11 amene mukuwatukwanawo anamubaya jakisoni, chinaphwa, anakhala bwino miyezi iwiri. Mu Meyi chinabwerera kumsana. Sakuyenda, ndimamunyamula kumbuyo ngati khanda. Wawonda, koma mutu uli bwino, amalankhula, amatiseketsa. Magazi amamutengadi, pang'ono pokha, kuti aone mmene mankhwala akuyendera. Sanatibere kanthu anthu aja. Ankatseka chifukwa thandizo linawathera, ndiye Ababa anapereka kuti asatseke.

Wojambula makina ake sanawonongeke. Ndinakunamizani. Ababa anaopa kuti mukamva muli pansi zidzakuchitikirani za malume a Daudi, achemwali a Sauda anaopa chimodzimodzi, ine ndinamvera. Tinati Julayi ali pafupi. Sitinaganize kuti mungamve theka la nkhani n'kusaina. Mundida, ndipo muli ndi chifukwa. Koma mudzandide muli kuno.

Tsiku loyamba la mwezi uno Rahima anandiuza kuti ndimusambitse m'mawa, ndimuveke diresi ya Idi, ndimukhazike pakhonde poonekera chipata. Akuti Julayi wafika. Dzulo chimodzimodzi, lero chimodzimodzi. Sindinamuuze za kalata yanu, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe.

Pitani kwa mabwana anu, gwadani, lirani, chitani chilichonse. Bwerani, achimwene. Musachedwe.

Tausi

Welkom
5 Ogasiti 1984

Tausi mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 3 Julayi ndailandira Lachinayi lapitali. Nditasaina anandisamutsira ku komponi ina, ndiye inakhala masabata awiri m'bokosi la ku komponi yakale, ine ndikudya, ndikuseka ndi anzanga. Mwezi wathunthu isanandipeze!

Ndinaiwerenga Lachinayi. Lachisanu ndinatsika mumgodi, ndinagwira ntchito, ndinatuluka wamoyo. Uwauze Ababa zimenezo. Phazi langa silinaphonye.

Ndapita ku ofesi katatu. Akuti munthu amene wangosaina kumene sapatsidwa tchuthi ndi kalata ya mlongo wake, aliyense angalembe yotere. Akufuna kalata ya dokotala, ya chidindo. Ndagwada, Tausi, ine amene sindigwadira munthu. Thamanga kwa dokotala ameneyo lero, alembe, adinde, utumize pa adiresi yatsopano imene ndalemba kuseriyi. Akaona chidindo akuti andilola masabata awiri.

Ndiye ndalama zija zinali zogulira mankhwala a Rahima! Bwanji osangonena? Ndikanagulitsa ndi nsapato zanga zomwe. Ababa andikhululukire mawu onse aja, ndinalankhula ngati chitsiru. Anasiya Maka chifukwa cha mwana wanga, ine n'kumawatcha okalamba. Umuuze dokotala achite zonse zimene angathe, mankhwala odula bwanji agule, ine ndigwira ntchito mpaka msana uthyoke. Poti ndalama analandira, achira, eti? Ndiyankhe zoona ulendo uno.

Kodi nsapato zinafika? Umuuze kuti Ababa ake akubwera, Julayi wawo wangochedwa pang'ono.

Mikaili

Area 4, Lilongwe
21 Ogasiti 1984

Mwana wanga Mikaili,

Asalamu aleikumu. Dzanja ndi la Tausi, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo ngakhale limodzi. Ngati waimirira, khala pansi.

Kalata ya dokotala sikufunikanso. Rahima anatisiya Lachinayi pa 9 mwezi uno, dzuwa litangopendeka, ali pamiyendo pa Tausi. Tinamuika tsiku lomwelo, pafupi ndi mayi ake. Kalata yako inafika patapita masiku khumi. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera.

Nsapato zinafika kumapeto kwa Julayi. Sanayende nazo, koma sankalola kuzivula, ankagona nazo. Za joini yako Tausi anamuuza, chifukwa mwana anatopa kukhala pakhonde. Anangofunsa kuti Malichi ndi kutali bwanji.

Unandiuza kuti nsalu zoyera zija ndisazidule. Ndadula imodzi, ndi manja anga. Ndiyo sanda imene tinamuveka. Inayo ili m'bokosi, ikudikira ine.

Walemba kuti ndalama zinagula mankhwala a Rahima, ndipo wandipepesa. Ndikanatha kukusiya ukhulupirire choncho, mtima wako ukanandipepukira. Koma ndakunamiza kokwanira. Tsiku lija ndinatseka chitseko, ndinafunsa dokotala kuti, "Ndikakupatsani zonse zimene ndili nazo, mdzukulu wanga achira?" Anandiyang'ana m'maso, anati, "Ayi, bambo. Pamene chafikapa njira yake sindikuidziwa. Ngati mukupereka chifukwa cha iyeyu, musapereke." Nayenso Tausi akuzimva koyamba lero, n'chifukwa chake inki yafalikira apa.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga jakisoni uja anamupatsa miyezi iwiri yothamanga, muyezo wake munaudziwa bwanji?" Anatsegula kabati, anandionetsa mabuku. Ana a kwa Kalolo, a ku Dowa, a ku Nathenje, ambiri a iwo anapita kalekale. Anati muyezo uja anauphunzira pa iwowo, pang'onopang'ono, ndipo lero ana ochira alipo ambiri kuposa pamene ankayamba. Ndinafunsa amene analipira zaka zonsezo. Anandionetsa makalata. Ina inali ya mayi wamasiye wa kutsidya kwa nyanja, wa chipembedzo china, amene anagulitsa galimoto ya malemu mwamuna wake. Sanamuonepo Rahima, sadzamva n'komwe dzina lake.

Pamenepo ndinaona kuti mdzukulu wanga wadya za m'munda umene sitinalime ife. Ndiye atseke, buku lake liikidwe m'katoni, majakisoni onse aja ndi kulira konse kuja zisaphunzitse munthu kanthu? Ine ndine telala, mwana wanga. Nsalu ukaidula n'kuisiya osaisoka, waiwononga.

Ndalamazo sizinali zambiri kwa iwo. Akuti ziwafikitsa mu Disembala, amalize kuona ana a chaka chino, alembe zimene apeza. Kupitirira apo adziwa Mulungu. Kaya apeza njira, kaya sapeza, ine sindidzaona. Pa bedi limene ankagona Rahima pagona kamtsikana ka ku Mitundu, dzina lake Alinesi, ndipo dzulo tsaya lake linali litayamba kuphwa.

Maka sachoka pamalo pake. Ngati Mulungu sanandilembere kukafikako, sanandilembere. Linali thukuta lako, ndinayenera kukufunsa, koma pa kuperekako sindikupepesa. Chimene ndikupepesa ndi china. Ndinaopa kukupha monga ndinaphera Daudi, ndiye ndinakulanda mwana wako akali moyo. Ukanamva mu Malichi, sukanasaina, Julayi yense ukanakhala naye pakhonde paja. Wolakwa si Tausi, si Sauda, si Sumaila. Ndine. Sindikukupempha kuti undikhululukire msanga.

Dokotala anabwera ku maliro, anavula nsapato, anakhala pamphasa ndi ife. Atamva kuti ulibe chithunzi cha mwana wako, anabwera m'mawa mwake ndi ichi chimene ndaika m'kalatamu. Anamujambula mu Epulo, masiku amene anali bwino. China chatsala m'buku lake. Manambala ali kuseriwo usawasamale, ndi a ntchito yawo.

Bambo ako,
Bwanali

Welkom
9 Sepitembala 1984

Ababa,

Waleikumu salamu. Kalata yanu inafika tsiku la Idi, anthu akuchokera ku swala kumzikiti. Ndinaiwerenga nditakhala pansi monga munanenera.

Sindinena kuti ndakukhululukirani. Ndikanama, ndipo m'banja mwathu mabodza akwana. Masiku ena ndimakumvetsani, masiku ena ndimafuna ndikufunseni pamaso kuti munandiyesa mwana wa zaka zingati. Tidzakamba mu Malichi, nditakhala pamphasa panu paja. Tausi asalire za ine, anasamala mwana wanga mpaka pomaliza, ndipo mawu ndinamulembera aja ndikuchita nawo manyazi.

Joini imeneyi ndinasainira tikiti yanu. Pano ndikutsika pansi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndikutsikira chiyani. Mupite kwa dokotala uja, mumuuze andilembere yekha, anene chimene chidzafunike Disembala akatha, asabise kanthu. Sikuti ndamvetsa zonse zimene munalemba, ndipo mwana wa ku Mitundu si wanga. Koma pa anthu onse a ku Lilongwe, ndi iye yekha amene anafunsidwa n'kuyankha zoona, ndipo ndi iye yekha amene anasunga nkhope ya mwana wanga. Buku la Rahima lisalowe m'katoni ine ndikali ndi msana.

Msomali uja ndinauzula ku komponi yakale, ndinabwera nawo kuno. Chithunzi ndachipachika. Anzanga amabwera kudzachiona, akuti wafanana nane pamphumi, ena amafunsa kuti ali sitandade chani. Ndimatuluka panja.

Watalika. Tsitsi anamuluka bwino. Akuseka kwambiri, ndipo mano awiri akutsogolo palibe, anaguluka. Ngakhale zimenezo, Ababa, palibe amene anandilembera.

Mwana wanu,
Mikaili